Kukonza denga, khonde ndi makoma a nyumba ya kumudzi inu muli kunja

Ambiri a ife amene tikugwira ntchito ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Dublin kapena ku Manchester tili ndi nyumba kumudzi imene imatisowetsa tulo, kaya ndi ya makolo yomangidwa kalekale ndi njerwa zootcha ndi matope, kaya ndi yathu imene tinaimanga mothamanga n'kuisiya yopanda pulasitala. Ndalama zikapezeka pang'ono, maganizo amathamangira ku khonde lalikulu la nsanamira zokongola ndi penti wowala, chifukwa zimenezo ndi zimene zimaoneka pa chithunzi chimene achibale amatumiza pa WhatsApp. Kwa aliyense amene nyumba yake ili ku Dedza kapena ku Ntcheu, langizo langa ndi lakuti ntchito iyambire pa denga, khonde libwere pambuyo, makoma akhale omalizira, popeza kwathu kuja zimene zimawononga nyumba ndi madzi ndi mphepo, ndipo zonse ziwirizi zimayambira pamwamba.

Musanatumize ngakhale tambala, nkhani ya mwini malo ithe kaye. M'midzi yambiri ya maboma awiriwa malo amayendera kuchikazi, kotero mwamuna amene akukonza nyumba ya amayi ake adziwiretu kuti mawa ikhoza kudzakhala ya alongo ake, ndipo amene akumanga kuchikamwini akambirane bwino ndi akazi awo pamaso pa ankhoswe. Khalani pansi, ngakhale pa foni, ndi amalume kapena mwini mbumba, anyakwawa adziwitsidwe, makamaka ngati khondelo liti lifike pafupi ndi malire. Ngati nyumbayo ili pa boma penipeni, wina apite ku khonsolo akafunse za chilolezo maziko asanakumbidwe.

Nthawi yabwino ndi kuyambira mwezi wa Meyi, anthu atakolola, mpaka Okutobala. Mchenga umapezeka mosavuta m'mitsinje, ngolo ndi galimoto zimadutsa m'misewu ya fumbi, ndipo aganyu sakhala otanganidwa ndi kumunda. Denga lakale lisaphwasulidwe Novembala atayandikira, chifukwa mvula yoyamba imabwera ndi mphepo yamkuntho, ndipo ikapeza makoma omangira matope ali pamtunda imawasungunula usiku umodzi wokha. Kumbukiraninso kuti pofika Okutobala zitsime zambiri zimakhala zitaphwa, pamene ntchito ya simenti imafuna madzi ambiri.

Tsono za denga. Mmisiri akwere kaye akaone matabwa, asangoyang'ana malata ali pansi. Amuuze wojambula ajambule pamene matabwa akhudzana ndi khoma, chifukwa ndi pamene chiswe chimayambira, ndipo thabwa limene kunja likuoneka labwino limapezeka kuti mkati ndi ufa wokhawokha mukalibaya ndi msomali. Ku Dedza matabwa a paini sasowa, pokhala kuti nkhalango za Chongoni ndi za m'phiri la Dedza zili pafupi, koma vuto ndi lakuti ambiri amagulitsidwa ali aawisi. Thabwa laliwisi limapindika likamauma ndipo limamasula misomali, choncho ligulidwe msanga, liyalidwe pamthunzi mosanjikiza ndi timitengo pakati kuti mpweya udutse, kenako lipakidwe mankhwala a chiswe mbali zonse ndi kumapeto komwe lisanakwezedwe.

Pogula malata, nambala ya geji ikakhala yaing'ono ndiye kuti latalo ndi lochindikala: la 28 ndi lolimba kuposa la 30, ndipo la 32 ndi lopyapyala kwambiri moti limatha kupindika mmisiri akaliponda. Ine ndimati munthu amene walimbika kunja mpaka kusonkhanitsa ndalama za denga asagule lochepera mphamvu kuposa la 28, kaya ndi la mizere yozungulira ija yakale kaya ndi la IBR, lija la mizere ya makona. Wokagula ajambule chidindo chimene chimakhala pa latalo pamodzi ndi lisiti, chifukwa kusinthanitsa geji ndiyo njira yodziwika kwambiri imene ndalama za anthu a kunja zimatherera panjira. Pokhoma, msomali ulowe pamwamba pa mzere osati m'ngalande yodutsa madzi, malata a mizere yozungulira alowane mzere umodzi ndi theka m'mbali, ndipo pamene lapamwamba likuphimba lapansi pakhale masentimita osachepera 15. Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi kumangirira denga ku khoma. Madenga ambiri amene amasasuka m'dera la Golomoti, Sharpevale ndi m'mapiri a Tsangano samachoka lata limodzilimodzi ayi, amanyamuka athunthu ndi matabwa omwe, chifukwa anangokhazikidwa pamwamba pa njerwa. Thirasi iliyonse, kutanthauza matabwa olumikizidwa pamodzi amene amanyamula denga, imangidwe ndi waya wochindikala kapena kachitsulo kaphanthi kolowa mu ring'ibimu (lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira makoma onse chakumwamba), ndipo ngati nyumbayo ilibe ring'ibimu, nthawi yoiika ndi yomweyi denga lili chochotsa. Amene angathe asankhe denga lotsetsereka mbali zonse zinayi, chifukwa mphepo imalipeza movutikira kusiyana ndi la mbali ziwiri.

Pali chinthu china chimene anthu a ku Dedza amachidziwa bwino: m'miyezi ya Juni ndi Julayi malata amachita thukuta mkati usiku, m'mawa n'kumadonthezera pa zofunda ngati kuti kwagwa mvula. Kumeneko si kudontha kwa denga, ndipo mankhwala ake ndi siling'i komanso timipata todutsa mpweya pansi pa denga, osati kusintha malata.

Khonde ndi pamene ndinaphunzirira movutikira, pa nyumba ya amayi anga kufupi ndi Bembeke. Mmisiri analumikiza malata a khonde pansi pa denga lakale, ndipo poopa kuti kutsogolo kukhala kwakufupi anthu n'kumagunda mitu, analiyala pafupifupi mosatsetsereka. Pa zithunzi linkaoneka bwino kwambiri. Mvula ya Disembala itabwera, amayi anandiimbira foni usiku ali chiimirire ndi tochi, nati: "Mwana wanga, madzi akubwerera m'mbuyo, akutsika ndi khoma la kuchipinda, ndatchera mabeseni atatu." Chaka chotsatira tinaphwasula n'kuyambiranso, ndalama ya malata ndi ya mmisiri inalowa kawiri. Choncho musanavomereze kukula kwa khonde, mmisiri ayeze kutalika kwa khoma ndipo akuuzeni kuti denga la khondelo litsika motani. Ngati khoma ndi lalifupi, khonde lichepetsedwe m'lifupi, kapena khoma likwezedwe ndi mizere ingapo ya njerwa panthawi imene denga lalikulu lachotsedwa, chimene ndi chifukwa chinanso choyambira ndi denga muli kale ndi pulani ya khonde m'manja.

Khonde ndi lotseguka, kotero mphepo imalowa pansi pake n'kulikankhira m'mwamba. Ndi nzeru kuti denga lake likhale lapalokha, losalumikizana matabwa ndi denga lalikulu, kuti tsiku loipa likasasuka lisakoke nyumba yonse, ndipo polumikizana ndi khoma paikidwe lata lopinda lolowa mu pulasitala lotchinga madzi. Nsanamira, kaya ndi za njerwa kaya ndi mapaipi achitsulo, zikhale ndi chitsulo chochokera m'maziko mpaka kukagwira mtanda wa pamwamba. Maziko akumbidwe mpaka pa dothi lolimba ngati a nyumba, pepala lakuda la pulasitiki loletsa chinyontho liyalidwe, dothi lodzazira lisinjidwe pang'onopang'ono mothira madzi, ndipo pansi pa khonde pakhale potsika pang'ono kuposa m'nyumba komanso popendekera kunja. Ngati okhala m'nyumbamo ndi okalamba, masitepe akhale aafupi, pakhale pogwira, ndipo matailosi oterera aja asaikidwe pamalo ofika mvula.

Za makoma, ena mwa ife taona kunja kuno nyumba zokutidwa ndi matabwa kapena pulasitiki kunja kwake ndipo timasirira. Ine sindikulimbikitsa zimenezo kumudzi: nyumba zimenezo zimamangidwa mwa mtundu wina, pamene pa khoma lathu la njerwa mpata wa kuseri kwa matabwawo ukhoza kusanduka njira ya chiswe ndi chisa cha makoswe, ndipo kachidutswa kakathyoka simukapeza kena pa Lizulu kapena pa Chimbiya. Pulasitala wabwino ndi wokwanira. Pa nyumba yomangira matope, mmisiri akolope mizere ya pakati pa njerwa kuti simenti igwire, anyowetse khoma, ndipo thumba limodzi la makilogalamu 50 lisakanizidwe ndi mawilibala a mchenga awiri kapena atatu, osapitirira apo. Pulasitala athiriridwe m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu ndi awiri, ntchito imene ndi bwino kulipira munthu wapadera chifukwa amisiri akamaliza amachoka. Ming'alu ikuluikulu yotsika mpaka pansi isabisidwe ndi pulasitala, ifufuzidwe kaye ngati maziko sakutitimira. Penti adikire milungu ingapo khoma liume, ndipo kuzungulira nyumba yonse kuwakidwe kakhonde kakang'ono ka simenti kotaya madzi kutali, poti kumunsi kwa khoma ndi kumene kumayamba kudyeka ndi madzi ogwa kuchokera pa malata.

Ndalama zitumizidwe m'zigawo, gawo lililonse likatha ndi kuonetsedwa pa vidiyo, kaya mukudzera ku Mukuru, ku banki kapena pa Airtel Money ndi Mpamba. Kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zipangizo inakwera nthawi yomweyo, choncho si nzeru kusungitsa makwacha ambiri kwa miyezi. Malata, misomali ndi zitsulo mukhoza kuguliratu n'kusunga pouma, koma simenti igulidwe ntchito ikayandikira chifukwa ikakhalitsa imagwirana mabuma, makamaka m'chinyontho cha kumapiri kuja. Wosunga ndalama akhale wina, womanga akhale wina, ndipo wachibale amene akuyang'anira ntchito mumuikire kangachepe kake poyera, chifukwa akusiya dimba lake la mbatata ya kachewere kapena kabichi kuti aime pa ntchito yanu. Mgwirizano ndi mmisiri ulembedwe papepala pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mulembemo kuti kagawo komaliza ka malipiro adzalandira mvula yamphamvu ikagwa kawiri kapena katatu, munthu wanu atalowa chipinda chilichonse ndi tochi n'kuyang'ananso polumikizana khonde ndi khoma.