Kukonza emulator ya ZX Spectrum 48K kuti isunge nthawi ngati makina enieni

Emulator, pulogalamu yotsanzira kompyuta ya ZX Spectrum pa kompyuta ina, ikayaka n'kuonetsa mawu oti "© 1982 Sinclair Research Ltd", musafulumire kukondwa. Ikanimo gemu ya Aquaplane. Ngati mzere wolekanitsa nyanja ndi thambo wa m'mphepete mwa sikirini sukukumana ndi wa pakati, ndiye kuti nthawi mukuiwerenga molakwika, ndipo mavuto ambiri a emulator ya makinawa amachokera pomwepo.

Z80, purosesa ya mu Spectrum, imathamanga pa 3.5 MHz. Chithunzi chimodzi cha pa sikirini chimatenga ma T-state (kugunda kwa wotchi ya purosesa) 69888: mizere 312, uliwonse ma T-state 224. Musamadikire kuti lamulo la purosesa lithe ndiye muwonjezere nthawi yake yonse pakamodzi. Muziwonjezera nthawi iliyonse purosesa ikagwira memory: 4 potenga opcode (nambala ya lamulo), 3 powerenga kapena polemba baiti.

Chifukwa chake ndi ULA, chipu chojambula sikirini. RAM ya 0x4000 mpaka 0x7FFF amagawana ndi purosesa, ndipo akakumana, purosesa ndi imene imadikira. Pangani tebulo la malo 69888, onse ziro. Kuyambira pa T-state 14335 lembani 6, 5, 4, 3, 2, 1, 0, 0 mobwereza kwa ma T-state 128, dumphani 96, n'kuteronso mpaka mizere 192 ikwane. Purosesa isanagwire adiresi ya m'chigawochi, iwonjezere kaye nambala ya m'tebulo.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa ma T-state amene purosesa imakhala ikugwira ntchito mkati mwake adiresi ikadali pa bus (mawaya olumikiza purosesa ndi memory). Lamulo la INC (HL) lili ndi T-state imodzi yotere pakati pa kuwerenga ndi kulemba, la JR lili nazo zisanu, ndipo iliyonse iyenera kuyang'ana tebulo payokha. Mukazilumpha, gemu imathamanga kuposa pa makina enieni ndi pang'ono chabe, koma pang'ono pomwepo ndi pamene pamakhotetsa mitundu ya m'mphepete. Interrupt, chizindikiro chimene ULA imatumiza kwa purosesa pa chithunzi chilichonse, igwireni kwa ma T-state 32 okha, ndipo isalandiridwe lamulo la EI (lolola ma interrupt) litangotha. Lamulo lotsatira lidutse kaye.

Port (khomo limene purosesa imalankhulira ndi zipangizo) yopanda chipangizo, monga 0xFF, siyankha 0xFF nthawi zonse. ULA ikamawerenga sikirini, purosesa imaona baiti imene ULA yagwira panthawiyo. Gemu ya Arkanoid yoyamba imadikira zimenezi, ndipo ikapanda kuziona imangoima. Pa port 0xFE ikani posankha pakati pa bolodi ya Issue 2 ndi Issue 3, chifukwa bit 6 imayankha mosiyana. Gemu ya Abu Simbel Profanation imafuna Issue 2.

ROM, memory yosunga pulogalamu yoyambira ya makinawa, ikhale ya mabaiti 16384, CRC32 yake (nambala yotsimikizira kuti fayilo ndi yolondola) ddee531f. Kulemba kulikonse pa 0x0000 mpaka 0x3FFF kukanidwe mwakachetechete. Pochita masamu, ROM yomweyo imayesa kulemba pa mabaiti ake oyambirira, choncho mukalola imadziwononga yokha.

Pa tepi pali njira yachidule yotchera msampha pa 0x0556, pamene pamayambira kodi ya ROM yowerenga tepi, n'kuthira fayilo m'memory nthawi yomweyo. Ndi yachangu, koma magemu otetezedwa ndi Speedlock (njira yoletsa kukopera magemu) sadutsa pamenepo, ali ndi zowerengera tepi zawozawo. Tumizani kugunda kwenikweni kwa tepi ku bit 6 ya port 0xFE: ma T-state 2168 pa phokoso loyambira, 667 ndi 735 polumikiza, 855 kawiri pa ziro, 1710 kawiri pa 1. Zowerengera tepi za magemu otetezedwawa zimadaliranso register R ya purosesa posanthula kodi yawo yobisika, ndiye ma bit 7 ake apansi azikwera pa opcode iliyonse, kawiri pa malamulo oyamba ndi CB, ED, DD kapena FD, bit yapamwamba osaikhudza.

Mukasintha chilichonse yendetsani mapulogalamu oyesera Z80, ZEXALL ya Frank Cringle ndi z80test ya Patrik Rak. Zimagwira ma flag (zizindikiro za zotsatira za lamulo) a bit 3 ndi 5 amene a Zilog, kampani imene inapanga Z80, sanawalembe m'mabuku. Mukafika pa Spectrum 128, tebulo lija mulipangenso: kumeneko mizere ndi 311, uliwonse ma T-state 228, onse pamodzi 70908.