Anyamata a kafukufuku wa m'nkhalango, masaka aja musabwere nawonso

February yekhayu ndalandira masaka anayi ku ofesi, onse odzaza zomera zozulidwa m'nkhalango ya boma. Anyamata amene tinawatenga kudzera m'makomiti a zachilengedwe, omwe aja amalandira 20 peresenti ya ndalama za malaisensi a mitengo, tinawatuma kuti dzinja lino ayende aone zomera zosowa ndi zomera zobwera zimene zikulanda malo, koma iwo anamva ngati tawatuma kokolola. Wina wachokera cha ku Domue, kuno ku Angonia m'dziko la Mozambique, saka pakaliyala, thukuta kamukamu, akuti "alangizi taonani ndagwira ntchito." Kumasula muja, pamwamba lantana, chitsamba chobwera cholanda malo, wa zipatso zakupsa zakuda bii, pansi chinaka chamaluwa, chomera cha m'tchire chimene anthu amadya timbatata take, chitaphwanyika ndi timbatatato tomwe. Ndimufunse wachipeza pati, akuti kudambo uko. Dambo lake liti achimwene? Angonia yonseyi ndi madambo okhaokha.

Chimene tikufuna ife ndi malo. Chakuti chili pati, chilipo chochuluka bwanji, kuti chaka chamawa tikaime pomwepo tione ngati chikutha kapena chikuwanda. Nde ukazula n'kusakaniza za masiku atatu m'saka limodzi, masiku atatuwo apita pachabe ndipo pa mapu palibe cholemba.

Koma chondiwawa kwambiri ndi chinakacho. Chinaka si chinangwa choti udula phesi ukabzale kwina. Njere zake n'zonga fumbi, sizimera zokha mpaka zitakumana ndi kamtundu kena ka bowa kamene kamakhala m'dothi la pamalopo, n'chifukwa chake ukachisamutsira pakhomo chimangofota. Chaka chilichonse chimapanga kambatata katsopano pambali pa kakale, kameneko ndi kodzaphuka mvula ikubwerayo, ndiye ukazula chili pa maluwa wapha cha lero, wapha cha mawa, njere sizinakhwime n'komwe. Okumba akuchimaliza kale chifukwa ku Zambia, komwe amati chikanda, chili ndi msika wotentha, tsono ife amene tikuti tikuchiwerenga kuti chisathe tikawathandizenso ndi khasu? Saka la mnyamata uja ndinawerengamo 37. Mwina pamalopo panalibenso china.

Lantana naye nkhani yake n'njosiyana koma kupweteka n'komweko. Anachokera ku America ngati duwa la pakhomo, ndipo mbalame zimamufalitsa kale mokwanira pakudya zipatso n'kukanyera kwina. Ife tawonjezera njinga. Saka lobooka kuchokera kuphiri mpaka ku Ulongwe, njere zikugwa njira yonse, mawa tidzadabwa kuti wafika bwanji kumsipu. Amene mwamuona atatseka malo mukudziwa, pansi pake udzu sumera, mphukira za msuku, mombo ndi mlombwa zimangofera mumthunzi, munthu ngakhale mbuzi kudutsa osatheka.

Mwina tinakuzolowezani ndife alangizi. Mbozi zija zitabuka mu 2017 tinkati bweretsani phesi tione, ndipo zinali bwino chifukwa chimanga chili m'munda monse. Koma maganizo oti bwana sakhulupirira mpaka agwire ndi manja atheretu, aliyense wa inu ali ndi foni m'thumba, ya Facebook imajambula bwinobwino koma ikafika ntchito mukuti batire.

Bambo ena a ng'ombe zangolo anandiimitsa pamsika tsiku lina. Mwana wawo anayendako m'gulu ngati lomweli zaka zapitazo, anabwera ndi nthambi za lantana kunyumba poyembekeza kudzazipereka ku ofesi, mayi ake n'kukopeka ndi maluwa, kuzibzala mozungulira khola. Mpanda unagwira msanga, aliyense kuyamikira. October msipu utatha ng'ombe imodzi inayamba kubudula masambawo, patangopita masiku maso achikasu, mphuno kusupuka, ndowe osatuluka, dzuwa likawala ikuthawira pamthunzi. Lantana amawononga chiwindi. Inafa, ndipo chaka chimenecho manyowa ndi mbatata anachita kubwereka ng'ombe ya eni kuti ngolo iyende. Akuti "alangizi, ife tinkayesa ndi mbewu ya boma popeza inabwera ndi mwana wa ku komiti." Ndinasowa chowayankha. Mpandawo anaudula ndi chikwanje, unaphukanso kuposa kale, anautentha, unaphukanso, mpaka anachita kulemba aganyu okumba zitsa.

Tsono chitani izi basi. Jambulani chomera chili pomwepo, chonse, kenako duwa kapena chipatso pafupi, kenako tsamba, muike bolopeni pambali kuti tione kukula kwake. Manambala a GPS, aja a pafoni osonyeza malo pamene mwaima, amatuluka ngakhale netiweki palibe, alembeni m'kope limodzi ndi tsiku, dzina la dambo kapena mtsinje, dzina la mfumu ya deralo ndi kuchuluka kwake. Lantana simungamuwerenge mmodzimmodzi, ingopondani mapazi m'litali ndi m'lifupi. Chomera chimene simukuchidziwa ndipo chilipo chambiri, kanthambi kamodzi pakati pa nyuzipepala, kopanda mizu, kopanda zipatso zakupsa. Chikakhala chochepa osachikhudza. Malo a chinaka osaponya pa gulu la WhatsApp, mumatumiza kwa ine ndekha, m'magulumo muli azibale a okumba. Potuluka m'tchire thotholani zomatirira m'masokosi ndi kugogoda dothi la m'nsapato. Kuzula lantana ndi tsiku lake lapadera ndi komiti yonse, nthaka ikadali yofewa, ndi chitsa chomwe, n'kuunjika pompo kuti aume atenthedwe.

Masaka anayi aja ndatentha kuseri kwa ofesi. A ku Tsangano ndi Furancungo makope anu ndiwaone March asanathe, maluwa akayoyoka chinaka simudzachisiyanitsanso ndi udzu.