Mukugwira ntchito kunja? Dziwani mmene ofesi ya HR imayendetsera zinthu

Ndakhala ndikugwira ntchito mu ofesi yoyang'anira antchito (HR) kuno ku Lilongwe kwa zaka zambiri, ndipo abale ndi anansi amene ali ku Joni, ku Cape Town, ku Leeds kapena ku Dublin amanditumizira mauthenga zikavuta kuntchito. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amandipeza madzi atafika kale m'khosi. Munthu wachotsedwa, malipiro a miyezi iwiri sanalandire, ndiye ndikamufunsa kuti "achimwene, kontrakiti muli nayo?" yankho limakhala lakuti, "Ayi, tinangomvana pakamwa, bwanayo ndi munthu wabwino kwambiri." Amalawi timadziwika kunja kuti ndife olimbikira ntchito, okhulupirika komanso aulemu, ndipo mbiri imeneyi ndi yoona. Koma ulemu umene tinaphunzira kwathu, wosayankha wamkulu ndi wosafunsa zambiri, ukalowa m'dongosolo la ntchito loyendera mapepala umatipweteka.

Ofesi ya HR ndi ya kampani. Anthu ake amalipidwa ndi bwana yemweyo amene amakulipirani inu, ndipo ntchito yawo ndi kulemba anthu ntchito, kusunga mbiri yawo, kuwerengera malipiro ndi tchuthi, kuyendetsa milandu, komanso kuonetsetsa kuti kampani isagwe m'mavuto ndi malamulo. Si adani anu ayi. Wa HR wodziwa ntchito yake amaletsa manijala kukuchotsani mwankhanza, chifukwa akudziwa kuti mlandu ukapita kunja kampani iluza. Koma iye amagwira ntchito ndi fayilo. Wantchito aliyense ali ndi fayilo yake, ndipo tsiku la mlandu chimene chimawerengedwa ndi zimene zili m'fayilomo. Zimene bwana anakulonjezani muli pa galimoto sizipezekamo. Choncho inunso khalani ndi fayilo yanu, ngakhale itakhala ya zithunzi za pa foni zimene mwadzitumizira pa imelo kuti foni ikabedwa zisatayike.

Yambani ndi kontrakiti. Ku Britain, kuyambira mu April 2020, olemba ntchito akuyenera kukupatsani mfundo zikuluzikulu za ntchito yanu zolembedwa pofika tsiku loyamba la ntchito. Ku South Africa lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limanenanso kuti mupatsidwe zolembedwa poyamba ntchito. Musasaine muli chiimire pakhomo. Pemphani kuti mupite nayo kunyumba, muiwerenge modekha, ndipo ngati Chingerezi chake n'cholimba pezani wina akuthandizeni. Yang'anani dzina lenileni la amene wakulembani, chifukwa ambiri amaganiza kuti akugwirira sitolo kapena famu pomwe analembedwa ndi ejenti wongotumiza antchito. Yang'anani maola, malipiro pa ola, malo a ntchito, notisi, ndi ndalama zimene angakudulireni. Amene munapita ku Britain pa viza yosamalira okalamba ndi odwala, samalani kwambiri ndime yonena kuti mukasiya ntchito msanga mubweze ndalama zimene kampani inawononga pokubweretsani. Funsani kuti ndalamazo ndi zingati, ndi za chiyani, ndipo zimachepa bwanji miyezi ikamapita. Ndime yotere ikakhala yosamveka ndiyo imamangirira anthu pa bwana wankhanza.

Ngati mukugwira ya m'nyumba kapena ya m'munda ndipo bwana sakufuna kulemba kanthu, lembani ndinu. Tumizani uthenga pa WhatsApp mwaulemu, wonena kuti mwamvana kuyamba tsiku lakuti, kugwira masiku akuti, malipiro akuti. Akangoyankha kuti inde, umenewo ndi umboni.

Payslip ndiye pepala la malipiro limene ambiri timangoyang'ana nambala ya pansi n'kulitaya. Werengani kuyambira pamwamba. Maola amene alembedwa afanane ndi amene munagwira, ndipo kuti mudziwe zimenezi muyenera kumalemba nokha m'kabuku tsiku lililonse nthawi yolowa ndi yoweruka. Ku South Africa malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anakwera kufika R28.79 pa ola kuyambira 1 March 2025, ndipo lamuloli limakhudzanso antchito a m'nyumba ndi a m'mafamu. Ku Britain, kuyambira April 2025, munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anayenera kulandira £12.21 pa ola kapena kuposa. Ziwerengerozi amazikweza chaka ndi chaka, ndiye muzifufuza zatsopano. Kenako onani zodulidwa. Ku South Africa amadula 1 peresenti ya UIF (thumba la boma lothandiza anthu ntchito ikatha), bwana n'kuwonjezerapo ina 1 peresenti, ndipo wantchito wa m'nyumba wogwira maola oposa 24 pa mwezi akuyenera kulembetsedwa. Pali mabwana ena amene amadula ndalamayo koma osaipereka kuboma, inu n'kudzazindikira tsiku limene ntchito yatha. Funsani umboni woti munalembetsedwa. Ndalama ya mbale yosweka, ya yunifolomu kapena ya katundu wosowa sangangoidula mwakufuna kwawo popanda inu kuvomera molemba kapena lamulo kulola.

Za maola ndi tchuthi musayerekeze ndi kwathu. Kuno lamulo la Employment Act la 2000 limaika maola 48 pa sabata, ndipo tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, 15 kwa ogwira masiku asanu. Ku South Africa maola wamba ndi 45 pa sabata, ovataimu imalipidwa kamodzi ndi theka, tchuthi ndi masiku 21 otsatizana. Ku Britain wogwira masiku asanu pa sabata ali ndi masiku 28 olipidwa pa chaka. Ndikudziwa kuti ambiri mumasunga tchuthi chonse kuti mudzabwere kumudzi pa Khirisimasi. Pemphani msanga, molemba, ndipo musagule tikiti ya basi kapena ya ndege musanalandire yankho lolembedwa. Maliro akakuchedwetsani kuno, tumizani uthenga tsiku lobwerera lisanafike. Kungokhala chete masiku angapo amakutenga ngati kuthawa ntchito, ndipo ndaona anthu a zaka zambiri pantchito akuchotsedwa chifukwa cha zimenezi zokha.

Pali chinthu china chimene chimatikanika ife Amalawi, ndicho kudzinenera zabwino pamene akuwunika ntchito yathu. Miyezi ya probation (yokuyesani pantchito) ikamatha, kapena chaka chikamatha, manijala amakuitanani kuti mukambirane mmene mwagwirira. Kwathu munthu wodzitama timamuseka, ndiye timangoti "ndikuyesetsa bwana" n'kuyang'ana pansi. Mnzanu wa dziko lina amalowa ndi mndandanda wa zimene wachita, n'kutuluka atakwezedwa. Kunena kuti mwaphunzitsa antchito atsopano, kuti simunajombepo, kuti makasitomala anakuyamikirani, kumeneko si matama, ndi kuthandiza wolemba fomu kuti alembe zoona. Ndipo ngati akuti ntchito yanu sikukwanira, funsani kuti ndi pati penipeni, akufuna muchite chiyani, pofika liti, ndi thandizo lanji. Probation ikatha pemphani kalata yokutsimikizirani.

Tsopano pa nkhani ya milandu, pamene ndikufuna mumvetsetse bwino. M'makampani ambiri chilango chimakwera pang'onopang'ono: chenjezo la pakamwa, lolembedwa, lomaliza, kenako kuchotsedwa. Milandu ikuluikulu monga kuba kapena ndewu imatha kudumpha zonsezi, komabe ngakhale pamenepo muyenera kumvedwa kaye. Akakuitanani ku hearing, komwe ndi kukamva mlandu wanu, muli ndi ufulu wodziwa mlandu wake pasadakhale, m'mawu amene mungawamve, ndi kupatsidwa nthawi yokonzekera. Ku South Africa komanso ku Britain mumaloledwa kubwera ndi mnzanu wa pantchito kapena woimira bungwe la antchito. Musapite nokha. Mukaona kuti Chingerezi chikukuperewerani mukapanikizika, pemphani womasulira. Nenani mbali yanu motsatira masiku ndi nthawi, onetsani mauthenga, tchulani mboni. Kupepesa pa mlandu umene simunapalamule, pongofuna kuti nkhani ithe mwamtendere monga timachitira pa bwalo la mfumu, kumalembedwa kuti mwavomera mlandu. Akakupatsani kalata ya chenjezo imene simukugwirizana nayo, mutha kusaina kuti mwalandira n'kulemba pambali kuti simukuvomereza zimene zalembedwamo, kenako n'kuchita apilo molemba m'masiku amene aikidwa.

Chenjerani ndi mawu okoma akuti, "Ingolembani kalata yosiya nokha kuti mbiri yanu isaipe." Nthawi zina ndi malangizo abwino, koma kawirikawiri amapindula ndi bwana. Mukasiya nokha zimavuta kudzadandaula kuti munachotsedwa mopanda chilungamo, ndipo ku South Africa wosiya yekha ntchito salandira ndalama za ulova za UIF. Musalembe kalata yotere tsiku lomwelo mutakwiya kapena mukuchita mantha. Nenani kuti mukufuna kukaganiza.

Mukachotsedwa, nthawi imathamanga. Ku South Africa muli ndi masiku 30 okha kuti mukatule nkhani ku CCMA, bungwe lomva mikangano ya pantchito, ndipo kukadandaula kumeneko n'kwaulere. Mukachedwa muyenera kupempha mwapadera kuti akumvereni, ndipo akhoza kukana. Ku Britain mumayambira ku Acas, bungwe loyanjanitsa antchito ndi mabwana, musanapite ku Employment Tribunal, bwalo la milandu ya pantchito, ndipo malire amene akhala akugwira ntchito pa milandu yambiri ndi miyezi itatu kuchotsapo tsiku limodzi. Anthu amataya masabata amenewa akudikira bwana amene walonjeza kuti aimba foni.

Inu amene mapepala anu okhalira m'dziko sali bwino, ndikudziwa kuti mantha anu ndi enieni, ndipo sindikunamizani kuti palibe choopsa. Koma dziwani kuti mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health ndi CCMA, khoti la za ntchito ku South Africa linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chinatha ndi wantchitobe pamaso pa lamulo, ndipo CCMA ikhoza kumva dandaulo lake. Bwana amene akuti simungamutengere kulikonse chifukwa mulibe pemiti sakunena zoona zonse. Yambani mwafunsa ku mabungwe othandiza anthu pa malamulo mwaulere musanachite kanthu. Amene viza yanu inamangidwa pa kampani imodzi ku Britain, ntchito ikatha nthawi zambiri mumapatsidwa masiku 60 kuti mupeze kampani ina yokuimirani, ndiye kusakasaka kuyambe tsiku lomwelo.

Pasipoti ndi yanu. Bwana kapena ejenti akhoza kuiona ndi kuijambula, koma asakusungireni. Nkhani za amayi athu amene anavutika pa ntchito za m'nyumba ku Oman tonse tinazimva, ndipo zambiri zinayamba ndi kulandidwa pasipoti ndi foni. Musanachoke kuno sungani nambala za ofesi ya kazembe wathu amene ali pafupi ndi kumene mukupita, siyirani abale chithunzi cha pasipoti ndi kontrakiti, ndipo kafunseni ku Unduna wa za Ntchito ngati ejenti amene akukutumizaniyo ndi wodziwika.

Mukavulala pantchito nenani tsiku lomwelo, zilembedwe, ngakhale bala likuoneka laling'ono. Ku South Africa, kuchokera pa chigamulo cha Constitutional Court cha mu 2020, antchito a m'nyumba nawonso ali m'gulu lolandira chipepeso cha ovulala pantchito. Nkhanza, tsankho, kapena manijala wokufunani zachisembwere, lembani tsiku, malo, mawu amene ananenedwa ndi amene analipo, kenako perekani dandaulo molemba ndipo musunge kope lanu. Achemwali anga, musadikire kuti zidzatha zokha.

Tsiku losiya ntchito, kaya mwachotsedwa kaya mukubwerera kumudzi, perekani notisi yoyenera ndipo musachoke manja ali m'thumba. Ku South Africa tengani certificate of service (kalata yoonetsa kuti munagwirako ntchito) ndi fomu ya UI-19 yofunika polandira ndalama za UIF, ku Britain tengani P45 (pepala la malipiro ndi msonkho wanu), ndipo kulikonse onetsetsani kuti masiku a tchuthi amene simunapite alipidwa. Funsani za penshoni kapena provident fund imene ankakudulani, dzina la kampani yosunga ndalamazo ndi nambala yanu ya umembala, chifukwa kuzilondola muli ku Area 25 kapena ku Kawale, nambala ya foni ya kunja itatsekedwa, n'kovuta kwambiri. Pemphaninso kalata yokuchitirani umboni yokhala ndi dzina la kampani, udindo wanu ndi zaka zimene mwagwira, komanso masatifiketi a maphunziro alionse amene munachitira pantchito, ngakhale a forklift kapena a first aid. Ife olemba ntchito ku Kanengo ndi ku City Centre timalandira anthu obwerera kunja odziwa ntchito kwambiri, koma ofunsira akachuluka timayamba kuitana amene zaka zawo zili ndi pepala lozichitira umboni.