TB ikalowa m'nyumba, kayezetseni nonse

Tikamayendera mabanja m'midzi, mawu awa sachedwa kutuluka: "Chifuwa chimenechi n'cha kumtundu kwawo, agogo awo anapita nacho, amalume awonso chimodzimodzi." Ena amafika poletsa mwana wawo kukwatira kubanja lotero, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Palibe mwana amabadwa ndi chifuwa chachikulu chifukwa cha magazi a makolo. TB imayamba ndi kachilombo kotchedwa Mycobacterium tuberculosis, kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882, ndipo kamayenda mumpweya wodwala akamatsokomola. Komabe akuluakulu aja sanaone zabodza zokhazokha. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko anapumirapo kachilomboka, koma mwa anthu 100 otere, amene amadzadwala ndi 5 mpaka 10 okha. Enawo thupi lawo limakatsekera kachilomboko, kamangogona. Mbali ina ya mphamvu yotsekerayi timaitengera kwa bambo ndi mayi, kudzera mu tizinthu ta m'maselo timene madokotala amati ma gene.

Nkhani yomvetsa chisoni ya ku Lübeck, m'dziko la Germany, inaonetsa zimenezi. Mu 1930, makanda 251 anamwetsedwa katemera wa TB wotchedwa BCG amene anasakanikirana mwangozi ndi tizilombo ta TB tamoyo. Ana 72 anamwalira ndi TB, ambiri anadwala n'kuchira, ena sanaonetse chizindikiro chilichonse. Mabotolo ena anali ndi tizilombo tambiri kuposa ena, komabe ngakhale ana amene analandira mlingo wofanana sanadwale mofanana. Limeneli linali vuto la mu labotale imodzi. BCG imene ana athu amabayidwa pamkono akangobadwa ndi yotetezeka, musaizembe.

Kuno ku Africa afufuzanso. Ku Gambia, mu 1998, anapeza kuti mitundu ina ya gene yotchedwa NRAMP1 imapezeka kwambiri mwa odwala TB. Gene imeneyi imagwira ntchito m'maselo amene amameza tizilombo, kuti amane tizilomboto chakudya monga ayironi. Anthu a ku Karonga nawonso anapereka magazi awo pa kafukufuku wotere. Zotsatira zake n'zakuti palibe gene imodzi yoti tiloze chala kuti nayi yobweretsa TB. Zilipo zambirimbiri, iliyonse ikungowonjezera kapena kuchepetsa chiopsezo pang'ono chabe. N'chifukwa chake kuchipatala kwathu kulibe zoyeza magazi kuti akuuzeni ngati mtundu wanu uli wofooka, ndipo aliyense wokulonjezani zimenezo akufuna ndalama zanu.

Zimene zimafooketsa thupi kuposa chibadwa timazidziwa: HIV poyamba penipeni, njala, matenda a shuga, fodya, mowa wopitirira muyeso, ndi fumbi la m'migodi kwa abambo amene anagwirako ntchito ku Joni. Munthu wobadwa ndi chitetezo cholimba akhoza kugwa ndi zimenezi.

Ndiye chochita n'chiyani? Wina akapezeka ndi TB, onse ogona m'nyumbamo apite kuchipatala, osadikira kuti ayambe kutsokomola. Abale a magazi amodzi ali pakati pa zinthu ziwiri, mpweya umodzi ndi chibadwa chofanana, choncho ngati kwanu TB inadutsamo kale, uzani adokotala kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Musachite manyazi, mawu amenewo amathandiza kuti akuyezeni msanga. Ana osakwana zaka 5 ndi anthu amene ali ndi HIV amapatsidwa mankhwala oteteza akapezeka kuti sanayambe kudwala. Amayi, mwana wooneka wathanzi akapatsidwa mankhwalawa, mum'mwetse mpaka amalize. TB ya mwana imathamangira ku ubongo mosachenjeza.

Chifuwa chikatha masabata awiri, kapena mukamatuluka thukuta usiku, kuwonda, kutentha thupi, pitani mukapereke makhololo. Kuyeza ndi mankhwala n'zaulere m'zipatala za boma, ndipo TB wamba imachira ndi mankhwala a miyezi 6 akamwedwa osadumphitsa. Kusiyira panjira ndiko kumabala TB yosamva mankhwala. Wodwala musam'patulire mbale kapena kapu, chifukwa TB siyendera m'ziwiya. Tsegulani mawindo masana, atsokomolere pansalu, ndipo masabata oyambirira a mankhwala asagone chipinda chimodzi ndi ana aang'ono.