Zovala zoyenera pothamanga ndi pa ulendo wautali wapansi kuti khungu lisanyuke

Anthu akamakonzekera mpikisano wothamanga, ulendo wa ndawala wa mpingo kapena kukwera phiri, nzeru zawo zimakhala pa mpweya, miyendo ndi nsapato. Za kabudula ndi malaya amazikumbukira m'mawa wa tsiku lomwelo, n'kungotola chimene chauma pachingwe. Komatu alipo amene amatsalira panjira mphamvu akadali nazo. Amakhala kuti anyuka m'mphechepeche, m'khwapa kapena kunsonga kwa mabere, ayamba kuyenda chotang'adza, ndipo thukuta likangofika pabalapo misozi imachita kulengeza. Vutoli ambiri amachita nalo manyazi kulitchula, n'chifukwa chake limawagwira chaka ndi chaka. Tiyeni tilikambe poyera, chifukwa likhoza kupewedwa ndi ndalama zochepa, bola munthu adziwe choyang'ana pogula chovala.

Khungu limanyuka pakakumana zinthu zitatu: kukwechesana, chinyezi ndi mchere. Munthu wamkulu amaponda mapazi pafupifupi 1,300 pa kilomita imodzi. Ndiye kuti pa ulendo wa makilomita 20, ntchafu zake zimadutsana maulendo oposa 25,000, ndipo msoko uliwonse wa chovala umakhula malo amodzimodzi maulendo onsewo. Khungu louma limapirira kwa nthawi yaitali, koma likanyowa limafewa ndipo nsalu imalikakamira. Wothamanga padzuwa atha kutaya thukuta lokwana lita imodzi pa ola, mwinanso kuposa, makamaka mu Okutobala kapena ku Chigwa cha Shire. Madzi a thukutalo akauma, mchere umatsalira pansalu ndi pakhungu. Ndiyo mizere yoyera ija mumaiona pachipewa kapena kumsana kwa malaya. Mcherewo umapala khungu ngati mchenga wotsukira mapoto. Ndipo musamati ndi vuto la anthu onenepa okha ayi. Mnyamata wowonda wa minofu ya mpira naye amanyuka chimodzimodzi.

Choyamba kuchiyang'ana ndi mtundu wa nsalu imene ikhudze khungu. Thonje ndi labwino povala tsiku ndi tsiku, limapitisa mphepo ndipo silinunkha msanga. Koma likamwa thukuta limalisunga. Tisheti ya thonje ikanyowa imalemera, imalendewera, imamatirira pathupi ndipo imatenga nthawi kuti iume. Izi zimandidetsa nkhawa makamaka pa maulendo a ndawala, pomwe okonza amagawa matisheti atsopano a thonje okhala ndi dzina la bungwe, aliyense n'kuvala pompo. Nsalu yosachapidwapo imakhala yokhakhala, ndipo inu simunaiyesepo n'komwe. Ngati malamulo a ulendowo akukakamizani kuivala, ivaleni pamwamba pa kamalaya kena kopyapyala kosamwa madzi. Ngati sakukakamiza, ikani m'chikwama, mukavale mukafika pojambulitsa.

Nsalu zoyenera ndi za polyester kapena nayiloni, makamaka zosakaniza ndi ulusi wotamuka umene palebulo amaulemba kuti elastane, spandex kapena Lycra. Nsaluzi sizimwa madzi ambiri. Zimangowamwaza kuti afike kunja n'kuuma. Simukusowa kupita kusitolo yodula kuti muzipeze. Pa kaunjika wa ku Limbe, ku msika wa Tsoka ku Lilongwe, ku Mzuzu ngakhale pa tsiku la msika kumudzi, zovala zamasewero zimatuluka m'mabelo nthawi zonse, ndipo nthawi zina ogulitsa amazitchipitsa poona kuti n'zopyapyala. Funani lebulo ya mkati, imene kawirikawiri imakhala pamsoko wa m'mbali chakumunsi. Ikakhala yofufutika, donthezani madzi pang'ono pansaluyo, muifinye, muikupize kamphindi. Ya polyester imayamba kuuma muli pomwepo, pamene ya thonje imakhalabe ndi banga lonyowa.

Jezi ya mpira yakale imagwira bwino ntchitoyi, koma pali kanthu kamodzi koti musakaphonye. Itembenuzeni muone kuseri kwa baji. Majezi ambiri ali ndi baji yopeta ndi ulusi, ndipo kuseri kwake kumakhala mfundo zolimba ndi kansalu kokhakhala, ndendende pamene pamakhala nsonga ya bere lakumanzere. Pa mphindi 90 za kuonerera mpira simungamve kanthu, koma pa makilomita 21 baji imeneyo itulutsa magazi. Sankhani jezi imene baji yake ndi yomata kunja, mkati muli see. Pewaninso ya zilembo zikuluzikulu zapulasitiki pachifuwa ndi kumsana, chifukwa pansi pake thukuta limadikha.

Chizolowezi chotembenuza chovala musanagule ndicho ndikufuna mutengepo kwambiri pa malangizo ano. Kunja kwa chovala n'kwa oonerera, khungu lanu lidzakhala ndi mkatimo. Yendetsani chala pamisoko yonse, kapena ikhulitseni kumsana kwa dzanja kumene khungu ndi lofewa. Msoko wabwino ndi wophwatalala, woti chala chimadutsa osapunthwa. Msoko wotukuka, wokhala ndi mphonje za ulusi wolimba, ndiye mdani, makamaka ukakhala pakati pa miyendo, m'khwapa kapena paphewa. Mukakhala kuti muli nacho kale chovala chotero, chivaleni chotembenuza kuti misoko ikhale kunja. Palibe amene adzakuimitseni panjira chifukwa cha zimenezo. Lebulo ya pakhosi kapena m'chiuno musaidule ndi sizasi n'kusiya kachitsa, poti kachitsako kamabaya kuposa lebulo yathunthu. Masulani ulusi wake ichoke yonse, kapena pemphani atelala akuchotsereni.

Tsopano tifike pa ntchafu, pamene ambiri amalirira. Apa mankhwala ake ndi kuika nsalu yosalala pakati pa khungu ndi khungu, kuti zokwechesana zikhale nsalu ziwiri. Chovala chake ndi thayiti, kabudula wotamuka wogwira thupi, wonga amene amavala opalasa njinga zampikisano kapena osewera mpira mkati mwa yunifolomu. Miyendo yake itsike kupitirira pamene ntchafu zanu zimakhudzana, chapakati pa ntchafu kapena kufupi ndi bondo. Ikakhala yaifupi imakwera mukamayenda n'kukaunjikana m'mphechepeche, vuto n'kukula kuposa poyamba. Poyesa, musangoima pagalasi. Khalani chonjuta, kwezani maondo kangapo, yendani mofulumira. Miyendo ya thayiti ikakwera, ndiye kuti lasitiki wake wakhwepa kapena yakukulirani. Ikasiya mzere wozama pakhungu mutangoivala mphindi zochepa, yakucheperani, ndipo mzerewo ndi umene udzasanduke chilonda.

Abambo ambiri amalakwitsa povala bokosa wa thonje wokhwepa mkati mwa thayiti kapena mkati mwa kabudula wamasewero. Bokosayo amanyowa, amakwinyika, ndipo makwinyawo amacheka. Thayiti yabwino imavalidwa payokha, kabudula wamba n'kubwera pamwamba ngati mukufuna kudzilemekeza. Jinzi ndiye musaiyese n'komwe pa ulendo wautali: pakati pa miyendo pamakumana misoko inayi yochindikala, ndipo ikanyowa ndi mvula kapena thukuta siuma tsiku lonse.

Amayi, ndikudziwa kuti ambiri simungayende pamsewu mutavala thayiti yokha, makamaka pa ulendo wa mpingo kapena kumudzi kwa apongozi. Palibe chifukwa chosiyira chitenje kapena siketi. Valani thayiti mkati, chitenje pamwamba, koma muchimange mokwezako pang'ono kuti miyendo izitambasuka. Mfundo ya chitenje isakhale pamalo amodzi ndi lasitiki wa thayiti, chifukwa ziwirizo zikapanikizana zimadya m'chiuno. Pitikoti yokha siteteza ntchafu. Nkhani ina ndi ya bra. Ya tsiku ndi tsiku, ya waya, zingwe zopyapyala ndi tingowe kumsana, imanyula pansi pa mabere, paphewa ndi pomangira. Funani bra yamasewero ya lamba wotambalala, yogwira moti mukadumpha lambayo asasunthe, koma zala ziwiri zizitha kulowa pansi pake. Bra yakale imene lasitiki wake anatha imayendayenda pathupi, ndipo kuyendayendako ndiye kunyulako. Amayi oyamwitsa muyesenso kukula kwake, poti thupi limakhala litasintha.

Abambo othamanga mitunda italiitali, monga marathoni ya makilomita 42.195, asamale nsonga za mabere. Malaya okhwepa amavina pachifuwa ndipo amazipala mpaka mizere iwiri ya magazi kutsika pamalaya. Kapulasitala kakang'ono pa nsonga iliyonse kamathetsa nkhaniyo. Kamateni pakhungu louma, losadzola mafuta, apo ayi kamatuka musanafike patali. Malaya ogwira thupi bwino amathandizanso kuposa okhwepa.

Okwera phiri ali ndi vuto lowonjezera la katundu. Mpikisano wa Porters Race wa pa phiri la Mulanje, umene umachitika mu Julayi, umayambira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20. Nyengo imeneyo ndi ya chiperoni, kotero munthu amanyowa ndi thukuta pokwera, n'kunyowanso ndi nkhungu pamwamba. Kumeneko thonje limanyula komanso limazizira koopsa likagwidwa ndi mphepo. Amene mukupita ku Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ya mamita 3,002, mutabereka chikwama masiku awiri kapena atatu, musavale vesiti yopanda manja. Zingwe za chikwama zisagone pakhungu, ndiponso zisagone pamsoko wa paphewa. Mangani chikwamacho chigwire msana, chifukwa chikamagwedezeka chimakhula m'chiuno ndi m'mapewa pa phazi lililonse. Tengani thayiti ziwiri ndi masokosi apadera. Mukafika pogona, vulani zonyowa nthawi yomweyo, pukutani mchere m'thupi ndi kansalu konyowa, tsukuluzani zimene munavala, mawa muvale zouma.

Za mapazi mwachidule: matuza amabwera m'njira yomweyi. Masokosi akhale a nsalu yosasunga madzi, opanda zigamba ndi makwinya, otalika kupitirira mlomo wa nsapato. Ena amavala awiri, opyapyala mkati, ndipo zimathandiza ngati nsapato ili ndi malo.

Mafuta amathandiza chovala, salowa m'malo mwake. Vaseline ndi wokwanira ndipo amapezeka pa okala iliyonse. Pakani mochindikala musananyamuke, pakhungu louma: mkati mwa ntchafu, m'mphechepeche, pakati pa matako, m'khwapa, pansi pa lamba wa bra. Pa ulendo wopitirira maola awiri kapena atatu, nyamulani wina m'kabotolo kakang'ono kuti mupakenso. Mukangomva penapake pakutentha, imani mupake nthawi yomweyo, chifukwa kutenthako ndi chenjezo loti khungu latsala pang'ono kutseguka. Gilisalini amanata ndipo amasungunuka ndi thukuta. Paudala amathandiza pa ulendo waufupi, koma thukuta likachuluka amaumbika timibulu timene timakwecha. Musamete m'khwapa kapena m'mphechepeche usiku woti mawa ndi ulendo, poti khungu limakhala ndi timabala ta lezala. Metani patatsala masiku angapo ndipo mupake mafuta, kapena ingofupikitsani ndi sizasi. Odzola mafuta oyeretsa khungu adziwe kuti ambiri mwa mafutawo amapyapyalitsa khungu, ndiye limasupuka msanga ndi kuchedwa kupola.

Kachapidwe nakonso n'kofunika. Sopo waufa akatsalira munsalu amaiumitsa gwa ndipo amayabwa akakumana ndi thukuta, choncho tsukuluzani mpaka madzi ayere. Chovala cha pa kaunjika chichapidwe bwino chisanakhudze thupi, ndipo zamkati zenizeni ndi bwino kugula zatsopano ngati thumba lilola. Yanikani pachingwe padzuwa, osati pa udzu kapena pansi, kuopa ntchentche zoikira mazira a mphutsi. Tinazolowera kusita zovala pofuna kupha mazirawo, koma polyester ndi lasitiki zimasungunuka ndi simbi yamakala yotentha kwambiri, n'kusiya chipsera cholimba chimene chidzakupaleni. Yalani kansalu ka thonje pamwamba, simbiyo ikhale itazizirako.

Zonse mwasankhazi muziyese pa zokonzekera zanu, kuyambira thayiti, bra, malaya, masokosi mpaka chikwama chimene mudzanyamule. Yendani nazo kapena thamangani nazo ola lathunthu, pa nthawi ya tsiku yofanana ndi ya ulendo weniweniwo. Posamba madzulo, pamene madzi akuwawa ndi pamene chovalacho chikukhula. Mukonze pamenepo nthawi ikadalipo: tembenuzani, chotsani lebulo, sinthani saizi, kapena dziwani kuti apo mpofunika mafuta ambiri.

Zikachitika kuti mwanyuka, tsukani ndi madzi oyera ofunda pang'ono ndi sopo wosanunkhira, pukutani mogunditsa kansalu osakhula, pakani Vaseline kapena mafuta a zinc oxide aja timapaka makanda akapsa ndi thewera. Musathirepo sipiriti, mandimu kapena mankhwala otsukira mano, zimangowotcha balalo. Panyumba valani zokhwepa za thonje, apa ndiye thonje ndi labwino, ndipo mupume masiku angapo. Khungu longonyuka limapola lokha pasanathe sabata. Koma pakayamba kutuluka mafinya, kufiira kukamafalikira, pakatupa ndi kutentha, mukachita mwanabere kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala. Malo a m'mphechepeche akamayabwa kwa masabata, okhala ndi m'mphepete mozungulira mwa mamba, akhoza kukhala matenda a mtundu wa chipere, ndipo amafuna mankhwala ake a kuchipatala, Vaseline sangawathetse. Odwala matenda a shuga asadikire n'komwe: bala lililonse la paphazi kapena m'mphechepeche akalionetse kwa azaumoyo mwamsanga.