Musalipirire ku Harare ulendo wa tsiku limodzi wokaona Bagamoyo ndi Kilwa

Bambo anga anabadwira ku Nkhotakota. Anabwera kuno mzinda uno ukadali Salisbury, ndipo ukalamba wawapezera ku Mufakose. Tili ana ankatikambira za Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo ya ku Nkhotakota, za anthu amene ankawolotsedwa nyanja pa zombo n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa, osabwereranso. Nkhaniyo inkathera pa mawu amodzimodzi nthawi zonse: "Ndisanafe ndikaone kumene ankakathera." Chaka chatha nditapeza kangachepe ndinawatenga. Tinafika ku Tanzania, koma ku Kilwa sanakapondeko. Ndikulembera inu abale anga a ku Mbare, Highfield, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, makamaka amene mumapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu ku Kariakoo n'kumalingalira zopatula tsiku limodzi lokaona matauni akale a m'mphepete mwa nyanja yamchere pa galimoto yanuyanu ndi gaidi wanuwanu.

Za mapepala sindichedwapo. Pasipoti ya Malawi safunira viza ku Tanzania pa ulendo waufupi. Onetsetsani kuti pemiti yanu yokhalira kuno siinathe, ndipo ana muwatengere makalata a kubadwa. Madola akhale atsopano ndi osang'ambika, chifukwa aja akuda bii amene timapatsana mu kombi kuno kumeneko amawakana pa kauntala osinthira ndalama.

Tsopano mverani zimene zinandichitikira. Ejenti amene anandigwira m'maso ndinamudziwira kwa mnzanga wa ku sosaiti yathu ya maliro. Ofesi yake inali pa nyumba yosanja m'tauni muno, kachipinda kogawana ndi wokonza mafoni, pakhoma atamata zithunzi za gombe ndi mabwato a matanga. Anandilandira bwino kwambiri. Atamva kuti ndine Mmalawi anayamba kunditchula kuti "achimwene", ndipo nditamufotokozera za bambo anagwira pamtima, nati ulendo woterewu ndi wopatulika, iye sadyerapo kanthu. Papepala lake panalembedwa kuti Bagamoyo, Kaole ndi Kilwa, zonse tsiku limodzi, galimoto ya ife tokha, gaidi wodziwa Chingerezi, chakudya cha masana ndi ndalama zolowera zonse zili momwemo. Anati madola 300, ndipereke 200 pompo kuti atisungire galimoto. Ndinapereka pamanja. Lisiti imene anandipatsa inali ya m'kabuku kogula mu shopu ya mabuku, yopanda chidindo, yopanda dzina la kampani ya ku Tanzania imene idzatinyamule. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsikulo bambo anadzuka 4 koloko m'mawa. Anasamba, anavala jekete lawo la ku tchalitchi m'kutentha kwa ku Dar kuja, anakhala pa mpando wa pulasitiki pakhomo pa gesiti hausi atagwirizira ndodo yawo pakati pa mawondo. Galimoto inayenera kufika 6 koloko. Inafika 10 koloko itadutsa, ndipo m'katimo munali kale anthu ena awiri omwe nawonso anauzidwa kuti galimotoyo ndi ya iwo okha. Dalaivala anali mnyamata waulemu, Chingerezi chake chochepa. Nditamufunsa kuti ku Kilwa tifika nthawi yanji anandiyang'ana ngati sanamve. Ndinamuonetsa pepala. Anapukusa mutu, nati iye anatumiziridwa ndalama ya mafuta a ku Bagamoyo basi, ndipo palibe munthu wamoyo amene angaone Bagamoyo ndi Kilwa tsiku limodzi. Ndinaimbira ejenti uja ku Harare, foni inangolira. Ndinalemba pa WhatsApp, anawerenga, osayankha. Bambo anali chete pa mpando wakutsogolo. Anangofunsa kamodzi kuti, "Ndiye kuti sitipita?" Mawu amenewo mpaka lero amandilasa.

Dalaivala uja sananame, ndipo mapu ndi amene akanandipulumutsa ndikanawatsegula ndisanatulutse ndalama. Bagamoyo ili kumpoto kwa Dar es Salaam, pafupifupi makilomita 70. Kilwa ili kumwera, makilomita opitirira 300, kudutsa Kibiti ndi Ikwiriri, kuwoloka mtsinje wa Rufiji pa mlatho wa Mkapa, mpaka pa mphambano ya Nangurukuru. Ndi ulendo wa maola 5 kapena 6 kupita kokha. Munthu wokugulitsani malo awiriwa pa tsiku limodzi ali ngati wokuuzani kuti muchoka ku Lilongwe m'mawa, mukaone Kasungu, mukaonenso Mulanje, madzulo mudzagone ku Area 25. Kwathu mukanamuseka. Kunja timavomera chifukwa mayina a malo sitiwadziwa, ndipo anthu amenewa amadyera pomwepo.

China chimene ndinadzamva mochedwa n'chakuti ma Kilwa alipo atatu, ndipo ejenti amene sangakusiyanitsireni sanapiteko. Kilwa Masoko ndi tauni ya masiku ano kumene kuli malo ogona, ndipo n'kumene mumagula chilolezo ndi kukwera boti. Kilwa Kisiwani ndi chilumba cha mabwinja, kuli mzikiti waukulu wakale ndi nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa ya m'zaka za m'ma 1300. Ibn Battuta, woyenda maulendo wotchuka wa ku Morocco, anafikako mu 1331, ndipo UNESCO inaika malowa pa mndandanda wake wa malo ofunika a mbiri ya dziko lonse mu 1981 pamodzi ndi chilumba choyandikana nacho cha Songo Mnara. Ife okhala m'dziko lino mbiri yake ikutikhudza, chifukwa Kilwa inalemera ndi golide wochokera kuno kudzera pa doko la Sofala, ndipo ku Great Zimbabwe kunapezeka ndalama yachitsulo ya mfumu ya ku Kilwa. Koma kumene bambo anga ankafuna ndi kwachitatu, Kilwa Kivinje, tauni ya kumtunda kumene m'zaka za m'ma 1800 inkathera njira ya akapolo ndi minyanga yochokera ku nyanja yathu. Wa ku Nkhotakota, wa ku Mangochi, wa ku Salima amene akufunafuna mapazi a makolo ake, malo ake ndi amenewo. Pamafunika masiku atatu: lopita, loona, lobwerera. Boti lopita pachilumba limayenderanso madzi a nyanja, amene amadzaza ndi kuphwa tsiku lililonse, choncho nthawi yowolokera sasankha ndi ejenti wa ku Harare.

Tinapita ku Bagamoyo basi, titapanikizana ndi alendo anzathu aja, titataya ola lathunthu pa mdipiti wa magalimoto cha ku Tegeta. Pachipata chilichonse ankatiuza kuti palibe amene watilipirira. Ndinatulutsanso ndalama, ndipo apa chenjerani: mitengo yolowera m'malo a mbiri ku Tanzania imasiyana pakati pa nzika ndi alendo, ndipo Malawi sili m'bungwe la East African Community. Khungu lakuda ndi Chiswahili cha ku Kariakoo sizikuchotserani mtengo. Wina akakunong'onezani kuti mungokhala chete akulowetsani ngati Mtanzania, kanani. Akakufunsani chitupa manyazi ndi chindapusa zidzakhala zanu, iye atazemba.

Gaidi amene tinalonjezedwa kunalibe. Dalaivala ankangoimika galimoto n'kuloza ndi chala. Amene anapulumutsa tsikulo ndi bambo wina wachikulire amene tinamupeza pa mishoni ya Akatolika, malo amene ansembe a Holy Ghost anatsegula mu 1868. Tinagwirizana naye mtengo pamaso, wochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene ndinasiya ku Harare, ndipo anatiyendetsa pang'onopang'ono molingana ndi miyendo ya bambo. Anatifikitsa pa nsanja ya tchalitchi chakale pamene mtembo wa David Livingstone unagonekedwa mu February 1874, antchito ake Susi ndi Chuma ndi anzawo atausenza miyezi 9 kuchokera kwa Chitambo kumene anamwalirira mu May 1873. Atatchula kuti Chuma anali Myao, womasulidwa kwa ogula akapolo mu 1861 kudera lathu la kumwera, bambo anavula chipewa. Anagwira khoma la nsanjayo ndi dzanja lonse, milomo ikuyenda, kwa nthawi yaitali. Gaidi uja anatisiya, anakaima patali pansi pa mtengo. Anatiuzanso mosabisa kuti njira yaikulu yothera ku Bagamoyo inkachokera ku Ujiji ndi Tabora, ndipo anthu a ku nyanja yathu ambiri ankapita nawo ku Kilwa. Munthu wodziwa ntchito yake amakuuzani zoona ngakhale zikuchepetsa malonda ake.

Ndiye musandimve molakwa, sindikuti Bagamoyo ndi yosayenera. Mwa malo onse, ndi yokhayo imene ikukwanadi tsiku limodzi kuchokera ku Dar. Kuli nyumba ya malinga yakale, boma la Ajeremani amene anaika likulu lawo kumeneko mpaka 1891, nyumba yofikira apaulendo a m'makaravani, ndi mabwinja a Kaole okhala ndi mizikiti ndi manda a m'zaka za m'ma 1200, makilomita ochepa kumwera kwa tauniyo. Funso ndi lakuti galimoto yanuyanu ikufunikadi kapena ayi. Ngati muli ndi nkhalamba, mayi woyembekezera kapena ana aang'ono, kapena mulipo anayi asanu ogawana mtengo, inde, tengani. Kutentha kwa kumeneko si kwa ku Harare kuno, ndipo kuimirira mu daladala (kombi ya kumeneko) ndi munthu wa ndodo ndi nkhanza. Koma ngati ndinu mnyamata kapena mtsikana wa miyendo yanu, mwazolowera kale kulimbana ndi kombi za pa Copacabana, mukulipiriranji madola mazana? Kwerani daladala m'mamawa, mukafika pezani gaidi wa komweko, mudye nsomba pagombe, madzulo mubwerere.

Mukasankha galimoto yapadera, ndalama musasiye ku Harare. Ndibwerezanso, musasiye ku Harare. Wa kuno alibe galimoto ku Dar, alibe gaidi, alibe mafuta. Ntchito yake ndi kudula pakati n'kutumiza zotsala, ndipo zikavuta inu muli kutali makilomita zikwi, iye ali pa Samora Machel akudya sadza. Fikani kaye, funsani pamalo pamene mwagona kapena Amalawi anzathu okhala komweko, muonane ndi mwini galimoto maso ndi maso. Mufunseni ngati kampani yake ili ndi laisensi ya zokopa alendo, ndipo akuonetseni, asangonena pakamwa. Mulembetseni nthawi yonyamukira, malo amene muime limodzilimodzi, ngati dalaivala ndi gaidi ndi munthu mmodzi kapena awiri, amene alipire zolowera, ndiponso kuti m'galimotomo simukwera wina aliyense. Perekani pang'ono ya mafuta m'mawa, yotsala madzulo akakutsitsani pakhomo. Akakana zimenezi, pitani kwa wina. Safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli ndi lokwera mtengo.

Chenjeraninso ndi maimidwe amene simunapemphe. Dalaivala wathu anatiimika pa shopu ya ziboliboli kwa mphindi 40, ife tikuwerenga dzuwa. Nenani m'mawa momwemo kuti simunabwere kudzagula zosema, kwathu ku Mua ndi ku Nkhata Bay ziliko.

Ena amakunyengererani kuti muwonjezere Zanzibar tsiku lomwelo kapena lotsatira. Stone Town ndi yoyenera kuona, makamaka inu a Anglican, chifukwa tchalitchi chachikulu chinamangidwa pamalo pa msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873, ndipo anamanga ndi amishoni a UMCA omwewo a ku Likoma. Koma boti limatenga pafupifupi maola awiri kupita kokha, pasipoti imafunika pofika, ndipo mu October 2024 boma la Zanzibar linayamba kufuna kuti alendo azigula inshuwalansi yake, imene inayambira pa madola 44. Wokupatsani mtengo wosatchula zimenezi akukubisirani. Matikiti gulani pa windo la kampani ya boti, osati kwa anyamata okuthamangirani pa geti.

Za ku Mozambique ndinena mwachidule. Ndaonapo zotsatsa za "tsiku limodzi kunyanja ku Beira" kuchokera kuno. Kuchoka ku Harare kudzera ku Mutare ndi pa boda ya Forbes ndi Machipanda ndi makilomita opitirira 550, ndiye tsiku lanu lidzathera pa mpando ndi pa mzere wodinditsa. Ku Sofala wakale, kumene Apwitikizi anamanga linga mu 1505, nyanja inadya pafupifupi zonse. Tauni yakale yeniyeni ndi Ilha de Moçambique, likulu lawo mpaka 1898, yokhala ndi katchalitchi ka mu 1522, koma ili kumpoto kwenikweni ndipo amaifikira kuchokera ku Nampula. Umenewo ndi ulendo wokonzekera mukapita kumudzi, osati wa Loweruka limodzi. Za Ibo ndi dera lonse la Cabo Delgado, kumene kwakhala nkhondo kuyambira 2017, musayerekeze n'komwe ngakhale mtengo utsike bwanji.

Titabwerera ndinapita ku ofesi ija kanayi. Ulendo woyamba anati abwana atuluka. Wachiwiri anandiuza kuti vuto linali la anzake a ku Tanzania, ndidikire alankhule nawo. Wachitatu anandikweza mawu pamaso pa makasitomala a wokonza mafoni uja, nati ulendo ndinapita, ndikufunanso chiyani. Wachinayi ndinapeza zithunzi za gombe zija zitachotsedwa, pa tebulo pake pali mtsikana wogulitsa mawigi. Kapepala kopanda chidindo kaja sindikanapita nako patali. Mnzanga wa ku sosaiti uja mpaka pano amandizemba pa maliro, ngakhale ndinamuuza kuti iye sindimusungira mangawa.

Madola 200 ndidzawapezanso. Koma miyendo ya bambo yafooka kwambiri chaka chino, moti ngakhale ku tchalitchi timachita kuwanyamula pa galimoto. Sabata yatha anandiitana kuchipinda, anandipatsa jekete lija, nati ndikadzapita ku Kilwa Kivinje ndidzalivale, ndipo ndidzawabweretsere mchenga wa pagombe m'kabotolo. Ndayamba kusunga ya masiku atatu.