Wapampando Akati "Nkhani Yatha", Kodi Yathadi?

Mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa dzuwa limaswa mtengo, ndipo misonkhano ya alimi amthirira imatenthanso chimodzimodzi. Ndinakhalapo pa msonkhano wina chakufupi ndi Ngabu, pansi pa mtengo wa nimu, pomwe alimi a kumunsi kwa ngalande ankadandaula kuti madzi sakuwafika. Mayi wina anaimirira napempha kuti ndondomeko yothirira isinthe, akumunsi aziyamba ndiwo masiku awiri pa sabata. Bambo wina anakweza dzanja kugwirizana nawo. Apampando, omwe munda wawo uli pafupi ndi pampu, anangotseka kope nati, "Mayi, khalani pansi, nkhani imeneyo yatha." Anthu anabalalika akung'ung'udza, ndipo kutacha tinapeza ngalande itabooledwa pawiri.

Chimandipweteka n'chakuti apampando aja sanali munthu woipa. Ankangoganiza kuti mpando wa gulu uli ngati wa mfumu pabwalo, pomwe mwini mudzi amamva mbali zonse kenako n'kugamula. Pa kopaletivi, pa komiti ya sikimu kapena pa banki mkhonde, ogamula ndi mamembala. Wapampando anasankhidwa kuti aziyendetsa zokambirana: kutsegula msonkhano chiwerengero chikakwana, kutsata ajenda, kupereka mpata wolankhula mosakondera, kuletsa zotukwana ndi kubweza amene wasochera pa mutu. Mphamvu zake zimathera pamenepo, pokhapokha malamulo a gulu lanu atamuwonjezera zina.

Ndondomeko imeneyi inachokera ku nyumba za malamulo. Buku lodziwika kwambiri pa nkhaniyi, Robert's Rules of Order, linalembedwa ndi Henry Martyn Robert, injiniya wa asilikali ku America, ndipo linatuluka mu 1876. Ngakhale ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, Sipikala savota pamodzi ndi aphungu pa nkhani iliyonse. Amavota pamene mbali ziwiri zafanana.

Tsono mfundo ikaperekedwa bwinobwino, wina n'kuivomereza, ndipo siikuphwanya malamulo a gulu, wapampando alibe ufulu woikwirira. Ayenera kuibwereza mokweza kuti onse aimve, ikambidwe, ivoteredwe, ngakhale iyeyo ikumuwawa. Sangatsekenso kukambirana payekha pamene anthu akufunabe kulankhula. M'buku la Robert, kudula zokambirana kumafuna mavoti a anthu awiri mwa atatu alionse amene avota, chifukwa kutseka munthu pakamwa si nkhani yaing'ono. Kuthetsa msonkhano pothawa voti nakonso n'kolakwika. Madzi akamasefukira, monga tinaonera mu Januwale 2015 kapena pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, palibe angamudzudzule wapampando pobalalitsa anthu. Koma kuopa kugonja si ngozi.

Nanga wapampando akakhala ndi maganizo ake? Nayenso ndi mlimi, madziwo akumukhudza. Pa msonkhano waukulu apereke mpando kwa wachiwiri wake, akakhale pamphasa ndi anzake, alankhule ngati membala, ndipo asabwerere kutsogolo mpaka mfundoyo itavoteredwa. Mu komiti yaing'ono, ya anthu osapitirira 12, atha kulankhula ndi kuvota ali pampando pomwepo. Pa nkhani yomwe iyeyo apindulapo payekha, monga kugulitsa thonje la gulu kwa mlamu wake kapena kudzibwereketsa ndalama za m'bokosi, achoke pampando ndipo asavote.

Chida chomwe alimi ambiri sachidziwa ndi apilo. Wapampando akagamula kuti mfundo yanu siyololedwa, imirirani mwaulemu n'kunena kuti, "Apampando, ndikupempha kuti gulu lonse liweruze pa chigamulo chanuchi." Wina akavomereza, wapampando amafotokoza chifukwa chake, anthu n'kukweza manja. Ambiri akatsutsa, chigamulo chagwa. Mavoti akafanana, chigamulocho chimakhalabe. Ndikudziwa kuti kuno kwathu kutsutsa wamkulu pagulu kumalemera, makamaka kwa amayi ndi achinyamata. N'chifukwa chake ndimawauza apampando kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ndi bwino kuti iwo eni akumbutse anthu za ufulu umenewu pamene akutsegula msonkhano.

Mlembi naye asamachite mantha. Maminitsi ndi a gulu, ndipo amalemba zomwe gulu lagwirizana, ndi chiwerengero cha manja, osati zomwe apampando anong'oneza pambuyo pake. Pa msonkhano wotsatira maminitsiwo awerengedwe mokweza, m'Chichewa kapena m'Chisena, mamembala akonze polakwika asanasainidwe. Ngati gulu lanu lili ndi malamulo olembedwa koma ali m'sutikesi kwa apampando, pemphani kuti mlembi ndi msungichuma akhale ndi makope awo, ndipo tsamba lonena za ntchito ya wapampando liwerengedwe musanayambe kugawana madzi a chilimwe chino.